Manja Otentha a Orville

Nkhuli inamugwira Sherene Lachitatu masana, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake Orville atabwera kuchokera ku Lacovia kumene ankamanga nyumba ya munthu, simenti ili mbuu mpaka m'zigongono, anamupeza pakhonde atakhalira manja ake onse awiri.

"Wakhala bwanji ngati thadzi lofungatira mazira?" anafunsa Orville.

"Ndikufuna patty," anatero Sherene.

"Nanga manjawo alakwanji?"

"Khosi likundiyabwa."

Orville anatula chikwama cha zipangizo pansi. Ku Saint Elizabeth kuno aliyense amadziwa kuti mayi woyembekezera akalakalaka chakudya, n'kudzikanda asanachidye, khanda limabadwa ndi banga la chakudyacho pamalo omwewo pamene zala za mayi zinakanda. Orville nkhani zotere ankaziika m'gulu limodzi ndi za mizukwa yokhala m'mitengo.

"Zabodza zimenezo. Kanda."

"Eti? Mwana wako abadwe ndi patty pakhosi? Kusukulu azikamutcha ndani?"

"Nkhomaliro."

Sherene anafuna kumugenda ndi silipasi, koma kuti atero anayenera kutulutsa dzanja. Anangomutukwana ndi maso.

"Bwera ndikukande ine," anatero Orville.

"Iyayi. Sindikudziwa ngati zala za wina zilibe mlandu, ndipo sindiyesera pa mwana wanga woyamba."

Lachinayi ataweruka, Orville anakwera takisi mpaka ku Santa Cruz n'kugula mapatty anayi otentha, timikate topinda ta nyama m'kati, m'kapepala kabulawuni. Anawafukata njira yonse kuti asazizire. Anapeza Sherene atavala masokosi ake a mpira, obiriwira aja, m'manja onse awiri mpaka m'zigongono, poopa kuti angadzikande mosadziwa. Sherene ananunkhiza patty imodzi, analuma kunsonga, anatafuna pang'ono, n'kuibweza.

"Si imeneyi."

"Patty ndi patty."

"Ndikufuna ya amayi."

Mayi ake a Sherene, Miss Delcie, anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Loweruka lililonse ankapanga mapatty m'khitchini mwawo. Khoko lake, malinga ndi Sherene, linali lopyapyala, logawikana ngati makoko a anyezi wouma, moti ukaluma linkayoyoka mpaka pamiyendo. Orville anali asanalaweko. Anadya yekha mapatty anayi aja ali chiimire, akuyang'ana masokosi.

Lachisanu ndi tsiku limene Maas Cebert, mkulu wogulitsa nyama, amapha ng'ombe pansi pa mtengo wa pamphambano. Orville anapempha theka la tsiku kwa kapitawo n'kukaima pamzere. Kuseri kwa khutu la Maas Cebert kunali banga lofiirira, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Orville anakula akuliona ndipo sanaliganizirepo. Lero maso anakana kuchokapo.

"Maas Cebert, pepani. Chinthu chili kuseri kwa khutu lanucho."

"Chiwindi," anatero Maas Cebert osadzutsa mutu, mpeni ukuyenda. "Wachiona lero?"

"Munapsa ndi moto?"

"Ndinapsa kuti? Mayi anga ankafuna chiwindi chokazinga. Bambo anati dikira Lachisanu. Mayi anadikira, koma chala sichinadikire." Anapendeketsa khosi kuti Orville aone bwino. "Taona, ndi ndulu yomwe ilipo."

Orville anaona. Ndulu inalipodi.

"Mapaundi atatu, yogaya," anatero mofulumira. "Ya patty."

"Ya Sherene? Ndiye utengenso awa." Maas Cebert anadula mafuta oyera olimba a pa impso n'kuwakulunga papepala. "Miss Delcie ankagula omwewa. Batala ankati ndi wa anthu aulesi. Koma kapangidwe kake ukukadziwa? Amene watsala akudziwa ndi mkulu wawo, Miss Verna."

"Ufa ndimaudziwa," anatero Orville.

Sankanama. Pamalo alionse pamene ankamanga, mphika wa masana unkakhala wake. Anzake ankasonkha ufa wa tirigu ndi nsomba yamchere, iye n'kukanya madampulini, mibulu ija yophika m'madzi owira. Ake ankakhala olimba, othina, moti munthu akadya awiri ankanyamula mabuloko mpaka dzuwa kulowa osakumbuka njala. Anthu ankawadziwa mpaka ku Maggotty. Chinsinsi chinali m'manja: kukanya mwamphamvu, osaumvera chisoni ufa.

Koma kuzemba Miss Verna kunali ndi chifukwa china. Tsiku la ukwati, mayiwo anauza mnzawo wa kutchalitchi, mokweza kuti aliyense amve, kuti mwana wa mng'ono wawo anayenera kukwatiwa ndi mphunzitsi, osati munthu wonunkha simenti. Orville anamva. Anangosiya kudutsa njira ya kwawo, zaka ziwiri, ngakhale inali yachidule popita kokwerera takisi.

Masana amenewo kunatentha mpaka malata ankalira okha. Sherene anathawira pansi pa mtengo wa mango chifukwa fungo la nyama yaiwisi linkamuchititsa nseru. Orville anayamba ndi nyama. Anakazinga anyezi wa masamba ndi adyo, anathira nyama yogaya, timasamba ta taimu, njere za pimento zosinja, ndi tsabola wachikasu wonenepa uja, wodula bwinobwino. Mphika unadzaza. Apo panalibe chomuvuta.

Kenako anatembenukira ku ufa. Theka la mafuta analiponya mufiliji, m'kabokosi ka ayezi, kuti ntchentche zisawapeze. Theka lina linali litakhala patebulo chifikireni, litafewa ngati sopo wonyowa. Analithira mu ufa, anawonjezera mchere, chikasu ndi madzi a pampopi, n'kupinda malaya. Anakanya. Anakanya ndi zibakera, anakanya ndi zikhatho, tebulo likulira, thukuta likutsika m'mphuno. Mtanda unasalala, unathina, unanyezimira. Anaumenya kambama kosonyeza kukhutira. Anautambasula, anadula, anaikamo nyama ikadali ndi nthunzi, anapinda, n'kulowetsa mu uvuni.

Atatuluka mapatty aja ankaoneka bwino ndithu. Orville anaika imodzi pambale n'kupita nayo pansi pa mango. Sherene anaigwira ndi masokosi onse awiri, analuma. Mano anaima. Anayesa mbali ina. Kenako anaigogoda pampando: go, go, go.

"Odi kuno," anatero. "Muli anthu m'katimu?"

"Yazizira chabe."

"Ikundiwotcha m'manja, Orville."

Orville anatenga ina, analuma ndi mano a m'mbali, nsagwada zinalira. Anaponyera galu wa oyandikana nawo. Galuyo anainunkhiza, anainyamula mwaulemu, n'kukaikwirira kuseri kwa nthochi ngati fupa.

Sherene anaseka mpaka kugwira mimba. Anaseka misozi n'kutuluka. Koma misoziyo sinaleke pamene kuseka kunalekera. Anapukuta m'maso ndi phewa.

"Ndatopa, Orville. Masiku atatu. Chilichonse ndikaika m'kamwa chikukhala ngati pepala. Ndiye mphuno yayamba."

"Yayamba chiyani?"

"Kuyabwa. Pansonga penipeni."

Orville anayang'ana mphuno ya mkazi wake. Anaganiza za banga la Maas Cebert. Kenako anaganiza za kamwana kakhanda, kokongola, kali ndi patty pakati pa nkhope, ndi mizere ya foloko m'mphepete. Anatsuka mbale, n'kuika nyama yotsala mufiliji.

Loweruka m'mawa mame asanaume, anatenga patty imodzi n'kulowa njira yachidule ija.

"Gwirani galu!" anaitana pageti la Miss Verna, monga achitira mlendo aliyense.

"Galu anafa chaka chatha," anayankha mawu kuchokera pakhonde. "Ukanakhala umadutsa kuno ukanadziwa."

Miss Verna anali mayi wamfupi, wonenepa, wa magalasi okhuthala. Anatsika masitepe pang'onopang'ono. Orville anawapatsa patty ija. Mayiwo anaitembenuza uku ndi uku, n'kuigogoda pachipilala cha geti. Chipilala ndicho chinagumuka pang'ono.

"Wabwera kudzandimangira khitchini? Njerwa ndi yabwino."

"Ndi patty."

"Ya ndani? Ya adani ako?"

Mawu ena ndi olemera kuposa thumba la simenti.

"Ndiphunzitseni, Miss Verna."

"Ine? Ndiphunzitse katswiri wa madampulini?"

"Sherene sanadye bwino chiyambire Lachitatu. Akufuna ya mayi ake. Mphuno yayamba kumuyabwa."

Nkhope ya Miss Verna inasintha.

"Mphuno?"

"Mphuno."

"Ambuye Yesu. Ndiye waima apo ngati mtengo wa magetsi? Tenga ndodo yanga kuseri kwa chitseko. Chipewa chomwe."

Ali m'njira, Miss Verna anamuonetsa manja awo. Zala zinali zopindika ndi nyamakazi, mfundo zitatupa.

"Awa anapuma ntchito. Ine ndizilankhula, iwe uzigwira. Ukandiyankha ndibwerera."

"Sindiyankha."

"Wayankha kale."

Atafika, Sherene anafuna kuwakumbatira, koma Miss Verna anayamba ndi kuyendera masokosi. Anawakoka kuti aone ngati athina, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Wachita bwino, mwana wanga. Khala pakhomo apo, usalowe. Iwe, ndionetse nyama."

Orville anatulutsa mphika mufiliji. Miss Verna analawa ndi kasupuni. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga, ngati akufunafuna cholakwika.

"Njere za tsabola unachotsa?"

"Theka."

"Hm." Analawanso. "Nyama sindikuphunzitsa. Ungothiramo nyenyeswa za buledi wouma kuti msuzi ugwirane. Tsopano undiuze zoona. Dzulo nyamayi unaiika ili yotentha?"

"Ee."

"Mafuta anali patebulo?"

"Ee."

"Ndiye unakanya."

"Mphindi makumi awiri."

Miss Verna anatseka maso. "Delcie, mng'ono wanga, kumene uliko tseka makutu." Anatsegula. "Bweretsa manja."

Orville anatambasula manja. Miss Verna anawagwira, n'kuwasiya msanga.

"Ngati simbi yositira. Munthu ameneyu akhoza kukazinga dzira pachikhatho. Sherene, umagona bwanji pafupi ndi ng'anjo yotere?"

"Ndimatsegula windo, Anti," anayankha Sherene ali pakhomo.

Miss Verna analamula Orville kuti athire madzi m'beseni ndi ayezi yense wa mufiliji, n'kuviikamo manja. Orville anaviika. Poyamba zinali bwino. Kenako kuzizira kunalowa m'mafupa, kunakwera mpaka m'mapewa. Anafuna kutulutsa.

"Ndani wakuuza? Werenga mpaka handiredi."

Miss Verna atapeza theka la mafuta lija m'kabokosi ka ayezi, litauma gwa, anamuyang'ana Orville pamwamba pa magalasi.

"Unawaika muno dala?"

"Ntchentche."

"Tithokoze ntchentche."

Anamuuza kupala mafutawo pachitsulo chopalira kokonati, kuti azigwera mu ufa wosakaniza kale ndi mchere ndi chikasu. Mafuta anagwa tizidutswa toyera ngati mpunga. Kenako anati awasakanize ndi nsonga za zala zokha, kunyamula ndi kusiya, kunyamula ndi kusiya, ngati munthu akufufuza ndolo yotayika mumchenga. Madzi a ayezi anathira supuni imodzi imodzi, Miss Verna akuyang'anira.

"Basi. Sonkhanitsa."

Orville anasonkhanitsa. Ufa utangoyamba kugwirana, manja anachita zimene anazolowera. Chikhatho chinatsika chokha, phewa linatsatira. Chipande cha Miss Verna chinamupeza pamfundo za zala: kho!

"Ndati sonkhanitsa, sindinati umenyane nawo. Unakulakwira chiyani ufawu?"

"Sunagwirane."

"Wandiyankha?"

Orville anabweza manja. Anayang'ana chinthu chimene chinali m'mbalemo. Chinali chong'aluka, chamabangamabanga, tizidutswa ta mafuta tikuonekera paliponse. Akanakhala matope omangira, kapitawo akanamuchotsa ntchito. Zala zinkamunyerenyetsa kuti angoupsinja kamodzi kokha, kawiri basi, usalale.

"Ndikukuona," anatero Miss Verna. "Uku si kupaka pulasitala. Tizidutswa timeneto ndi timene tikufuna. Mu uvuni tikasungunuka timasiya mpata, khoko n'kugawikana. Ukakanya umatipha. Dampulini imafuna munthu wankhanza. Patty imafuna munthu wamanyazi. Kulunga, ika mufiliji, manja m'beseni."

Anadikira theka la ola. Orville anakhala pampando, manja ali m'madzi, akuyang'ana khoma. Sherene pakhomo paja ankakwinya mphuno ngati mbewa, kuiyendetsa uku ndi uku.

"Anti, mwana wanu Dalton ali ndi mango paphewa, eti?"

"Mango a mtundu wa Julie, ndi kaphesi komwe. Ndinali m'basi yopita ku Mandeville, mayi wina akudya pafupi nane osandigawira. Mpaka lero nyengo ya mango ikafika banga lija limapsa."

"Bodza," anatero Orville, osafuna.

"Kamufunse. Ali ku Toronto, akuonetsa pafoni."

Mtanda utazizira, Miss Verna anaitanitsa botolo la mowa wa ramu lopanda kanthu. Orville ananena kuti m'nyumba mwake mulibe. Miss Verna anangomuyang'ana. Orville anapita kuseri kwa kabati n'kubwera nalo. Analidzaza madzi ozizira, ndipo ndi limene anatambasulira mtanda. Anatambasula mopepuka, kuchoka pakati kupita kunja. Anapinda patatu ngati kalata. Anatembenuza, anatambasulanso, anapindanso. Mufiliji. Manja m'beseni. Kachitatu, mtanda uja unali utasintha. Sunasalale ngati wa dzulo, koma unagona bwino patebulo, wachikasu, timizere ta mafuta tikuoneka m'kati mwake. Orville anaweramira pafupi. Podula m'mphepete anaona tizigawo tosanjikizana, tochuluka, tolongosoka ngati mizere ya njerwa. Apo anamvetsa. Anali akumanga khoma, kungoti logona.

"Munaphunzira kuti?" anafunsa.

Miss Verna sanamukalipire chifukwa cholankhula.

"Ku Black River, m'bekale ya Mchaina wina. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Delcie khumi ndi zisanu. Ine ndinali wachangu, koma khoko labwino linali lake. Manja ake anali ozizira ngati a chule. Anyamata ankathawa kumupatsa moni." Anakonza magalasi. "Chimwalirireni, sindinapangeko patty. Ndinkati ndimuphunzitse mwanayu, mawa, mawa. Kenako zala zinapindika. Dula ndi sosala iyo, usandiyang'ane."

Orville anadula mozungulira sosala, zidutswa khumi ndi ziwiri. Pachilichonse anaika supuni imodzi yodzaza ya nyama yozizira, ananyowetsa m'mphepete ndi chala, anapinda pakati, n'kudinda ndi foloko. Apa dzanja la mmisiri linathandiza. Mizere ya foloko inatuluka yofanana, yowongoka, ngati wayeza ndi chingwe. Miss Verna anaweramira, anayang'ana, sanapeze chonena, ndiye anamukalipira chifukwa chochedwa kumenya dzira lopaka pamwamba.

Analowetsa mu uvuni wotentha kwambiri n'kutseka.

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu. Amene atsegule chitseko ndimuthyola dzanja."

Mphindi khumi zoyamba zinadutsa bwino. Kenako fungo linayamba kutuluka, la mafuta a ng'ombe akusungunuka mu ufa, la chikasu, la taimu. Linadzaza khitchini, linatulukira pakhomo. Sherene anaimirira. Maso ake anali atadzaza.

"Ndi limeneli," anatero chapansipansi. "Anti, ndi limeneli. Loweruka."

"Ndikulimva, mwana wanga."

"Mphuno. Orville, mphuno! Yafika poipa!"

Fungo lija linali litadzutsa nkhuli yonse, ndipo kuyabwa kunabwera nayo limodzi. Sherene analuma nsonga ya sokosi n'kuyamba kuikoka ndi mano. Orville anadumpha, anagwetsa mpando, n'kumugwira mikono yonse iwiri.

"Ndisiye! Kamodzi kokha!"

"Ayi."

"Si iwe unkati ndi zabodza?"

"Ndi zabodza. Koma usakande."

"Ndikuluma."

"Luma."

Miss Verna anali ataimirira pakati pa uvuni ndi chitseko, ndodo ili m'mwamba, osadziwa kuti alondere mbali iti.

"Zikavuta, kanda kumatako!" anakuwa. "Kumeneko adzaona mkazi wake yekha!"

"Sikukuyabwa kumeneko, Anti!"

"Kandako basi, mwina mphuno imva nsanje!"

Sherene anayamba kuseka uku akulimbana, misozi ikutsika, mphuno ikunjenjemera. Orville anaiuzira mpweya, fuu, fuu. Sizinathandize. Sherene anapotoza mutu kuti aikhule paphewa la mwamuna wake. Orville anabwerera m'mbuyo, n'kugunda beseni lija ndi chigongono. Anasiya mkono umodzi, anaviika dzanja m'madzi a ayezi, n'kuliika lonse pankhope ya mkazi wake, chikhatho chili pamphuno, osasuntha.

Sherene anaima chilili. Anapuma kamodzi, kawiri.

"Uku si kukanda, eti Anti?" anafunsa mawu akutulukira pansi pa chikhatho.

Miss Verna anaganiza kaye, ngati woweruza milandu.

"Bola lisayende. Likangoyenda ndi mlandu."

Dzanja silinayende. Likayamba kufunda, Orville ankasintha, lina m'beseni, lina pankhope. Anaima choncho mphindi khumi ndi ziwiri, pakati pa khitchini, madzi akudontha pamimba ya Sherene, iye akumuyang'ana kudzera pakati pa zala.

"Ukuoneka chitsiru," anatero Sherene.

"Ndikudziwa."

"Chitsiru changa."

"Tsegula uvuni!" anatero Miss Verna. "Zachikondizo mukachitire kwina."

Orville anatulutsa thireyi ndi nsanza. Mapatty anali atatupa, achikasu chagolide, akunyezimira, mafuta akulira pansi pake. Imodzi yokha inali itang'ambika pakona, msuzi ukutuluka thovu. Miss Verna anati adikire kaye, nyama ya m'kati imawotcha lilime. Sherene sanamve. Anatola imodzi ndi masokosi, anaiuzira kawiri, n'kuluma.

Inalira tswa. Khoko linayoyoka, tizidutswa tinagwera pachibwano, pachifuwa, pamimba, pansi. Sherene anatsegula pakamwa kuti nthunzi ituluke, akupuma haa, haa, koma sanalavule. Anatafuna. Anameza. Anatseka maso.

Orville anadikira, nsanza ili m'manja. Sanafunse. Ankaopa yankho.

Sherene analumanso. Anamaliza yonse, ananyambita sokosi, n'kutambasula dzanja kutenga yachiwiri. Ali pakati pa yachiwiriyo ndi pamene analankhula, pakamwa pali podzaza.

"Amayi ankandipatsa yong'ambika. Ankati yong'ambika ndi ya mwana wa nyumba." Analoza ndi chibwano. "Iyo musaigwire."

Miss Verna anatembenukira kuwindo n'kuyamba kupukuta magalasi ndi diresi, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna. Kenako anatola patty yawo, anainyema pakati, anaiyandikiza kumaso n'kuyang'ana tizigawo ta khoko.

"Delcie akanati m'mphepete mwanenepa," anatero.

Anadya yonse. Anatola yachiwiri.

Sherene atamaliza yachitatu ndi yong'ambika ija, anatsamira khoma n'kupuma mpweya wautali. Anayang'ana mayi ake aakuluwo.

"Anti?"

"Wakhuta?"

"Ndakhuta."

"Mtima sukufunanso?"

"Ngakhale pang'ono."

"Vula."

Sherene anakoka masokosi ndi mano, limodzi, linzake, n'kuwaponya padenga la filiji. Zala zinatuluka zotuwa, zamakwinya. Anaziyang'ana kaye ngati alendo. Kenako anayamba. Mphuno poyamba, ndi zala zonse zisanu. Khosi. Kuseri kwa makutu. M'mutu, ndi manja awiri, tsitsi n'kuimirira. M'zigongono, m'mawondo, m'nthiti. Ankabuula ngati munthu amene walowa m'madzi ozizira tsiku lotentha.

"Ayi ine! Ayi zikomo! Ambuye ndinu wabwino!"

"Pang'onopang'ono, udzisenda," anatero Miss Verna, akuseka mpaka chipewa kupendekeka.

Orville anatsamira tebulo. Mapewa ake ankagwedezeka, koma mawu osatuluka. Ndiko kunali kuseka kwake.

Patapita kanthawi Sherene anakakhala pampando wa pakhonde, miyendo pa sitepe, ndipo tulo tinamutenga dzuwa lili pamutu. Miss Verna anapempha nsalu yoyera. Anakulungamo mapatty atatu.

"Awa ndi anga, a mawa ndikachoka kutchalitchi." Anatenga ena awiri. "Awa a Cebert, chifukwa cha mafuta." Pathireyi panatsala imodzi. Anaiyang'ana, anayang'ana Orville. "Iyi ndi ya mkazi wako akadzuka."

Orville anagwedeza mutu. Ananyowetsa chala n'kuyamba kutola nyenyeswa za pathireyi.

Miss Verna anamuonerera akutola, nyenyeswa imodzi, ziwiri, zitatu. Anadzuma. Anamasula nsalu ija ndi zala zawo zopindika, movutikira, natulutsa patty imodzi, yaikulu kuposa zonse.

"Khala pansi, mwana wanga. Munthu sadya chiimire ngati ali pamaliro."

Orville anakhala. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali, akuyang'ana m'kati mwa khoko.

"Bwanji?" anafunsa Miss Verna.

"M'mphepete mwanenepadi," anatero Orville, n'kulumanso.